Matumba Agawika Kapena Ayi? Osathamanga Kuyankha

Anzanga, taganizani: kalabu ya alimi 12 ku Nsaru yagula matumba a feteleza. Kodi agawana mofanana popanda lotsala?

Mlembi akuti, "Nambala yake imagawika ndi 4." Sizokwanira: 8 amagawika ndi 4, koma matumba 8 sangakwane anthu 12. Msungichuma akuti, "Imagawika ndi 6." Nazonso n'zoperewera, taonani 18.

Koma mukaphatikiza mawu a onse awiri, yankho ndi eya. Mu 4 muli 2×2, mu 6 muli 3, ndipo 2×2×3 = 12.

Chenjerani apa: poti 4×6 = 24, musati basi imagawikanso ndi 24. Nanga 36 bwanji? Pa mayeso a MANEB, yambani mwasaka nambala yokutsutsani musanalembe yankho.