Kuwala koulula zomwe zili m'botolo lopanda dzina

M'misika yambiri simusowa timabotolo ndi timapepala ta ufa topanda chizindikiro chilichonse. Ogulitsa amati ena ndi mankhwala ophera mbozi, ena ndi a makoswe. Mwana akameza zoterezi, achipatala amafuna kudziwa msanga chimene chalowa m'thupi, koma diso silingasiyanitse ufa woyera wina ndi unzake. Imodzi mwa njira zimene akatswiri amazindikirira mankhwala otere ndi Raman spectroscopy.

Njirayi inatenga dzina la C. V. Raman, wasayansi wa ku India. Mu 1928, mumzinda wa Calcutta, iye anapeza kuti kuwala kukagunda chinthu, kachigawo kochepetsetsa ka kuwalako kamabwerera katasintha mtundu pang'ono. Mu 1930 analandira mphoto ya Nobel. Kusinthaku kumadza chifukwa tizigawo tosaoneka topanga mankhwala timanjenjemera, ndipo mankhwala aliwonse amanjenjemera mwa njira yawoyawo. Makina amaunika ufawo ndi laser n'kujambula mzere wa nsonga zazitali ndi zazifupi, womwe umakhala ngati chidindo cha chala. Masiku ano alipo makina onyamula m'manja, otha kuwerenga kudzera m'galasi kapena pulasitiki yoonekera mkati, botolo lisanatsegulidwe.

Chidindo pachokha sichinena kanthu. Kompyuta imachifanizira ndi nkhokwe ya zidindo za mankhwala odziwika kale. Ntchito imakula pamene mankhwala asakanizidwa, pakuti zidindo zimasanjikana. Apa kompyuta imayamba yapeza mankhwala omwe achuluka, kuchotsa chidindo chawo, kenaka n'kufufuzanso zotsalazo.

Komabe makinawa sali ngati woombeza. Mankhwala amene mulibe m'nkhokwe sangatchulidwe dzina. Poizoni wochepa wobisika mu ufa wambiri akhoza kudutsa osaoneka, ndipo apa ndi poopsa, chifukwa mankhwala ena amapha ngakhale ali ochepa. Zinthu zamtundu wowala nthawi zina zimaphimba chidindo, pamene zakuda zimatha kupsa ndi laser. Chotero zotsatira zokayikitsa zimayenera kutsimikizidwa ku labotale.

Wopeza botolo losadziwika asalinunkhize, asalilawe, ndipo asalithire m'madzi kapena m'chimbudzi. Adziwitse mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wa m'dera lake. Wothamangira kuchipatala ndi munthu amene wamwa mankhwala atenge botololo, lotsekedwa bwino, pamodzi ndi zotsalamo.