Chikhakha Chikachoka: Mafizo kwa Ovulala a ku Hillbrow

Mafizo ndi chithandizo chophunzitsa chiwalo chovulala kuti chiyambenso kugwira ntchito. Wothyoka fupa, wobinya akakolo, woguluka phewa kapena wong'ambika mnofu sagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chithandizochi. Amapita pa tsiku limene anamupatsa, n'kubwerera kunyumba atauzidwa zokachita. Ku Hillbrow, dera la nyumba zosanja pakati pa Johannesburg kumene kumakhala anthu a m'mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Amalawi, ovulala otere sasowa: omanga nyumba, onyamula katundu, oyendetsa njinga zamoto zoperekera zakudya, ndi ogundidwa ndi minibasi.

Ambiri amayesa kuti tsiku lodula chikhakha ndilo tsiku lochira, ndipo maganizo amenewa alemaza anthu amene akanatha kukhala bwinobwino. Fupa la pamkono la munthu wamkulu limagwirana pakatha milungu pafupifupi 6, la m'munsi mwa bondo limatenga miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina kuposa. Nthawi yonseyi minofu yomangidwayo imafota, ndipo kufotako kumayamba m'masiku oyambirira omwe. Mfundo yosapindidwa imauma. Chikhakha chikachoka, mwendo umatuluka wowonda, bondo likukana kupinda. Fupanso limalimba malinga ndi katundu amene likusenza, monga anafotokozera dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, mu 1892. N'chifukwa chake wodwala amauzidwa kuyamba kuponda pang'onopang'ono nthawi yake ikakwana, osati kungosungira mwendo pabedi.

Wovulala wa ku Hillbrow amayambira pa Hillbrow Community Health Centre, pamalo pomwe kale panali chipatala chachikulu cha mzindawu. Zikakhala zofuna opaleshoni amatumizidwa ku Parktown, ku chipatala chomwe kuyambira 2008 chimatchedwa Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital. Akatswiri a mafizo ku South Africa amaphunzira zaka zinayi, ena pa yunivesite ya Witwatersrand pafupi pomwepo, amagwira chaka chimodzi m'zipatala za boma, ndipo amalembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of South Africa.

Ulendo woyamba kwa katswiri wa mafizo umathera kwambiri pofunsa ndi kuyeza: ngozi inachitika bwanji, mfundo ikupinda mpaka pati, mnofu uli ndi mphamvu yotani, ululu umabwera nthawi yanji. Katswiri wabwino amafunsanso ntchito ya munthuyo ndi kumene amagona, chifukwa zofunika kwa mlonda woima usiku wonse n'zosiyana ndi za mayi woluka tsitsi. Kenako ntchito imayenda motsatana. Choyamba n'kuchepetsa kutupa, pokweza chiwalo ndi kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Kuthowa ndi madzi otentha, komwe ambiri anazolowera kumudzi, kumawonjezera kutupa pa masiku oyamba. Kachiwiri n'kumasula mfundo. Kachitatu n'kulimbitsa minofu ndi malamba otanuka kapena zolemera. Pomaliza munthu amayeserera ntchito yake yeniyeni: kunjuta, kunyamula, kuima ndi mwendo umodzi. Wobinya akakolo amene walumpha gawo lomalizali amabinyanso kawirikawiri.

Chipinda cha mafizo chimangopereka njira. Kuchira kumachitikira kunyumba. M'zipatala za boma odwala ndi ambiri, ndipo pamatha kupita milungu munthu asanaonedwenso. Zimene wauzidwa ayenera kuzichita tsiku lililonse, ndipo sizifuna makina: thaulo lokokera phazi, botolo la madzi m'malo mwa chitsulo, khoma loyendetsapo zala pokweza phewa. Kumva kukoka n'kwabwinobwino. Ululu wobaya, kapena kutupa kofika mpaka mawa lake, ndi chizindikiro choti wapyola muyezo.

Apa m'pamene moyo wa ku Hillbrow umalimbana ndi wodwala. M'nyumba zambiri zosanja zikepe zinaleka kugwira ntchito, ndipo woyendera ndodo amakwera masitepe ankhaninkhani. Lamulo lake ndi ili: pokwera mwendo wabwino utsogole, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wovulala. Vuto lalikulu koposa ndi ndalama. Waganyu akajomba tsiku limodzi sadya, lendi ikudikira, abale kumudzi akudikiranso. Motero amabwerera kuntchito msanga, kapena amasiya mafizo ululu ukangochepa. N'zomveka, koma n'zomvetsa chisoni, pakuti chigongono chimene chauma miyezi ingapo chimavuta kwambiri kumasula, ndipo mkono womwewo ndiwo umadyetsa banja.

Thandizo la ndalama lilipo kwa ena. Lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito la 1993 limalola kuti thumba la Compensation Fund lilipire chithandizo cha wantchito, malinga ngozi itanenedwa kwa bwana mwamsanga. Mu November 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti antchito apakhomo nawonso alowemo. Ovulala pamsewu amakadandaula ku Road Accident Fund. Konsekonse mapepala achipatala ndiwo umboni, choncho asatayidwe.

Fodya amachedwetsa kugwirana kwa fupa, ndipo odwala shuga amauma phewa kawirikawiri kuposa ena. Zina sizidikira tsiku la mafizo: zala kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu m'chikhakha, katumba kutupa n'kumapweteka, kupuma mobanika, bala kutuluka mafinya, kapena wodwala msana kulephera kusunga mkodzo. Zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene wasankha kukachirira kumudzi atenge kalata ya dokotala ndi zithunzi za fupa lake. Ku Malawi angapitirize mafizo pa Queen Elizabeth Central Hospital kapena Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndi pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.