Masewera a Skateboard: M'mene Asinthira ndi Ngozi Zimene Makolo Ayenera Kudziwa

M'matauni akuluakulu, maka-maka mu Lusaka, anyamata ndi atsikana ayamba kuoneka akuthamanga ataimirira pa kathabwa ka mawilo anai kochedwa skateboard. Ku Mongu kunamangidwa ngakhale bwalo la masewerawa. Ana ambiri amaphunzira poonera mavidiyo pa foni, ndipo makolo amangoona ngati ndi cidole wamba. Koma masewerawa asintha kwambiri kucokera pamene anayamba, ndipo kusintha kulikonse kunabwera ndi kubvulala kwa mtundu wake. Kholo lodziwa zimenezi lingapulumutse mkono kapena moyo wa mwana.

Ciyambi cake

Masewerawa anayambira ku California m'dziko la America m'zaka za m'ma 1950. Acinyamata anali kugulula mawilo a nsapato zamawilo ndi kuwakhomera pa thabwa. Mawilo oyamba anali acitsulo, ndipo otsatira anali olimba ngati dothi loocha. Wilo lotere likagunda kamwala, thabwa limaima pomwepo koma munthu amapitirira ndi kukagwa cafufumimba. Pofika caka ca 1965 madokotala anali kudandaula, ndipo matauni ena analetsa masewerawa m'miseu.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, Frank Nasworthy anabweretsa mawilo ofewerapo a polyurethane, amene amagwira bwino mseu. Kugwa kaamba ka timiyala kunacepa, koma liwiro linakula. M'zaka za 1976 ndi 1977 ku California kunagwa cilala, ndipo maiwe ambiri osambiramo anakhala opanda madzi. Tony Alva ndi anzake anali kukwera zipupa za maiwewo mpaka kuuluka pamwamba pa mlomo wake. Tsopano anthu anayamba kugwa kucokera pamwamba ndi kumenyetsa mitu pa simenti. Dziko la Norway linaletseratu skateboard kucokera mu 1978 kufikira mu 1989.

Kudumpha kumene kunasintha zonse

Ca m'ma 1978, Alan Gelfand wa ku Florida anapeza njira youlukira pamodzi ndi thabwa popanda kuligwira ndi manja. Kudumphaku kumachedwa ollie, dzina limene anzake anali kumuitanira. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, Rodney Mullen anaonetsa kuti ollie itheka ngakhale pamalo athyathyathya. Phazi lakumbuyo limamenyetsa mcira wa thabwa pansi, ndipo lakutsogolo limakhwekhwereza thabwalo kuti liongoke lili m'mwamba. Mullen yemweyo anayambitsa kickflip, pamene thabwa limagubuduka pansi pa mapazi munthu asanatere.

Panthawi imeneyo mabwalo ambiri a masewerawa ku America anali atatsekedwa cifukwa ca kukwera mtengo kwa inshuwalansi. Acinyamata anatembenukira ku miseu, nayamba kudumpha masitepe ndi kutsetsereka pa zitsulo zogwirira za m'mbali mwa masitepewo. Kubinya akakolo kunaculuka, pakuti phazi limatera pa thabwa lopendekeka.

Luso latsopano liri lonse limamangidwa pa lakale. Mu 1999 Tony Hawk, ali ndi zaka 31, anazungulira kawiri ndi theka ali m'mwamba, luso lochedwa 900. Mu 2020 Gui Khury wa ku Brazil, wa zaka 11, anazungulira katatu. Mu 2024 Arisa Trew wa ku Australia, wa zaka 14, anakhala mkazi woyamba kucita 900. Pa masewera a Olympics a ku Tokyo amene anacitika mu 2021, Momiji Nishiya wa ku Japan anapata mendulo ya golide ali ndi zaka 13. Cimene cinali pacimake pa luso la akuluakulu, lero cikucitidwa ndi ana.

Apa ndiye pagona bvuto. Ana ochukawa ali ndi aphunzitsi, zobvala zotetezera ndi malo ofewa ophunzirirapo kugwa, ndipo anakwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mwana wa m'komboni amaona mapeto okha pa vidiyo yaifupi, ndipo amayesa zomwezo pa tala, m'mbali mwa ngalande. Ngakhale akatswiri amabvulala. Sky Brown, amene amaseweretsa dziko la Britain, anagwa mu 2020 ali ndi zaka 11 ndi kusweka cigaza ndiponso kuthyoka dzanja, ngakhale anabvala cisoti. Tony Hawk anathyoka pfupa la ncafu mu 2022.

Kubvulala kwa dzanja ndi mwendo

Munthu akamagwa amatsogoza manja, motero kulemera kwa thupi lonse kumathera pa mfundo ya dzanja. Pfupa la mkono limathyoka kawirikawiri pamenepa. Mapfupa a mwana ali ndi malo ofewa kumapeto kwake pamene pfupa limakulira. Malowa akaonongeka ndi kusiyidwa osaongoledwa, mkono ungakule wokhota kapena waufupi.

Palinso kapfupa kakang'ono m'munsi mwa cala cacikulu ca kudzanja. Kakathyoka, dzanja silitupa kwambiri ndipo X-ray yoyamba nthawi zina sionetsa kanthu. Magazi amafika mocepa pa kapfupaka, kotero kamacedwa kulumikizana. Ngati mwana amva kuwawa pamalopo akakanikizidwa, acipatala angamuike pulasitala ndi kumuuza kubweranso pakapita masiku 10 mpaka 14 kuti ajambulidwenso. Tsiku limenelo siliyenera kuphonyedwa.

Mkono kapena mwendo ukakhota, ukatupa msanga, kapena mwana akalephera kuponda, makolo asaukoke, asauthowe ndi madzi otentha ndiponso asauteme mphini. Aumangirire ku katoni yolimba kapena kathabwa ndi citenje, mosathina, ndi kupita naye kucipatala tsiku lomwelo. Asampatse cakudya kapena cakumwa panjira, pakuti mwina adzafunika kugonekedwa tulo kuti pfupa liongoledwe. Zala zikazizira, zikacita dzanzi kapena zikasintha mtundu, afulumire koposa.

Kubvulala kwa mutu

Uku ndiko kumene kumapha. Mwana angagwe, n'kudzuka, n'kuyenda yekha kupita kunyumba, pamene magazi akukha pang'onopang'ono m'kati mwa cigaza. Pakapita maola angapo amayamba kufooka. Cifukwa cace mwana amene wamenyetsa mutu ayenera kuyang'aniridwa ndi munthu wamkulu usana ndi usiku wonse. Athamangitsidwe kucipatala ngati anakomoka ngakhale kwa kanthawi, akusanza mobwerezabwereza, mutu ukuwawirawira, akusokonezeka kapena kuiwala zimene zacitika, akubvuta kudzutsa, akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena ngati magazi kapena madzi akuturuka m'khutu kapena m'mphuno. Ngati akudandaula khosi, anyamulidwe atagona pa cinthu colimba, mutu wosagwedezeka. Wogwera pamimba pa citsulo, amene pambuyo pake acita cizungulire ndi kutuwa, nayenso afunika cipatala msanga.

Zilonda za kunyuka zitsukidwe ndi madzi oyera ambiri ndi sopo mpaka mcenga wonse utacoka. Zisapakidwe dothi, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a galimoto. Makolo atenge khadi la mwana la kusikelo popita ku kiliniki kuti anamwino aone ngati afunika katemera wa kafumbata.

Kupewa

Bungwe la madokotala a ana ku America limalangiza kuti mwana wosafika zaka 5 asakwere skateboard, ndi kuti wosapitirira zaka 10 asewere pali munthu wamkulu. Mwana wamng'ono ali ndi mutu wolemera poyerekeza ndi thupi, ndipo sadziwa kuyeza liwiro la galimoto. Cisoti colimba ndico cofunika coyamba, ndipo cimangidwe lamba pacibwano. Ngakhale ku Olympics, osewera osafika zaka 18 saloledwa kupikisana popanda cisoti. Cisoti cimene cinang'aluka pa ngozi cisagwiritsidwenso nchito, ndipo ca pa salaula ciyang'anidwe bwino. Zotetezera manja, zigongono ndi mabondo zimacepetsa kubvulala, ndipo nsapato zikhale zotseka, osati mapatapata.

Malo osewerera akhale osalala, osesedwa, ndiponso kutali ndi magalimoto. Kugwirira kumbuyo kwa minibasi kapena lole kuti ikoke munthu ndi kuitana maliro. Mwana ayambe ndi kuphunzira kuima, kukhota, kuimitsa thabwa ndi kugwa mogubuduka atapinda manja. Ollie ibwere pambuyo pake, ndipo masitepe adikire miyezi yambiri.

Masewerawa amalimbitsa thupi ndi kucotsa ana ku mowa ndi camba, motero kulanda thabwa sikuthandiza kwenikweni, pakuti mwana adzabwereka la mnzake kumene makolo samuona. Cofunika ndi kumgulira cisoti pamodzi ndi thabwa, kudziwa kumene amasewerera, ndi kumuuza kuti akagwa asabise poopa kukalipiridwa.