Ku Lulimile, ena thupi limagona koma mutu uli maso

Mu June ndi July, chisanu cha ku Lichinga chimalowetsa anthu m'nyumba dzuwa likangolowa. Mzindawu, womwe ndi likulu la chigawo cha Niassa, uli pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo usiku ukakula, misewu ya ku Lulimile, limodzi mwa madera a mzindawu, imangoti zii. Koma m'nyumba zina muli anthu amene afunda bulangete, maso ali gwa. Akubwereza mawu amene analankhula mopupuluma kumsika, ngongole imene aiwala kubweza, nkhope ya abwana atafikanso mochedwa kuntchito. Tambala amalira nkhaniyo isanathe.

Abale amangoti, "Ali ndi maganizo." Koma kwa ena, pansi pa maganizowo pali vuto limene silitchulidwa kawirikawiri kuno: ADHD, lomwe m'Chipwitikizi amalilemba kuti PHDA kapena TDAH.

Vutoli limakhudza kagwiridwe ntchito ka ubongo. Munthu amavutika kuika mtima pa chinthu chimodzi, amaiwalaiwala, amachita zinthu mwaphuma, ndipo ena satha kukhala pansi nthawi yaitali. Zizindikiro zimayamba mwana asanakwanitse zaka 12, ndipo ambiri amakula nazo. Padziko lonse, akuluakulu awiri kapena atatu mwa 100 aliwonse ali nalo. Kafukufuku wa ku America wa mu 2006, wotsogoleredwa ndi Ronald Kessler wa ku Harvard, anapeza kuti pafupifupi theka la akuluakulu a ADHD analinso ndi matenda a nkhawa.

Ena angadabwe kuti munthu woiwalaiwala angakakamire bwanji ganizo limodzi usiku wonse. Gwero lake ndi limodzi: ubongo wake umavutika kulamulira kumene chidwi chipite. Masana chidwi chimathawa pa ntchito. Usiku chimamatirira pa chinthu chopweteka, osafuna kuchokapo. Komanso munthuyu anakula akumva kuti "ndiwe wosamva", "ndiwe waulesi", kusukulu ndi kunyumba komwe. Akalakwitsa pang'ono lero, mawu akalewo amadzuka onse. Ndipo poti amadziwa kuti amaiwala, amabwereza zinthu m'mutu kuti zisamuthawe. Mutu umalira ngati chigayo chopanda chimanga: mafuta akutha, ufa osatuluka.

N'chifukwa chake kumuuza kuti "osaganiza kwambiri" sikuthandiza. Akanatha kusiya, bwenzi atasiya kale. Katswiri wa zamaganizo Susan Nolen-Hoeksema, yemwe anaphunzitsa ku Yale, anasonyeza kuti kubwerezabwereza maganizo opweteka kumatalikitsa kukhumudwa m'malo mobweretsa yankho. Chofunika n'kuwatulutsa maganizowo m'mutu n'kuwapatsa pothera.

Njira yoyamba ndi kusintha funso. Edward Watkins wa ku yunivesite ya Exeter amaphunzitsa odwala kuchoka pa funso loti "N'chifukwa chiyani ndili chonchi?" n'kupita pa loti "Chinachitika n'chiyani kwenikweni, nanga ndichite chiyani?" Mayi wogulitsa nyemba amene wasokoneza ndalama za chipereganyu, chomwe ambiri m'Mozambique amati xitique, sangayankhe funso loyambalo ngakhale atachezera nalo. Lachiwirilo lili ndi yankho: mawa m'mawa akaonana ndi msungichuma, kope lili m'manja.

Yachiwiri ndi kuikira nkhawa nthawi yake, njira imene Thomas Borkovec ndi anzake anaifotokoza mu 1983. Munthu amasankha mphindi zosapitirira 30 tsiku lililonse, madzulo kusanade, osati pabedi. Nkhawa ikabwera nthawi ina, amailemba m'kope kapena kuijambula ndi mawu pafoni, n'kuisiya mpaka nthawi yake. Kwa wa ADHD phindu lake ndi lapawiri, pakuti cholembedwa sichifunikanso kulondera kuti chisaiwalike.

Yachitatu ndi kudzutsa thupi. Maganizo otere amakula munthu akakhala phee. Kuyenda ndawala, kupalira, kuwaza nkhuni, kuimba kwaya kapena kusewera mpira kumakokera chidwi pa chinthu chogwirika. Tulo tikakana, ndi bwino kudzuka, kuchita kantchito kopepuka foni ili patali, n'kubwerera pabedi maso akalemera. Kachasu ndi chamba zimaoneka ngati zikuziziritsa mutu, koma zimaononga tulo ndi kukuza nkhawa.

Yachinayi ndi kupeza womvetsera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi anthu ovutika ndi kuganiza mopitirira, n'kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi njira yolithetsera. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinasonyeza kuti othandizidwa motere ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Ku Lulimile, mnzako wa kumpingo kapena kumzikiti angamvetsere chimodzimodzi, bola asamaweruze.

Komabe si aliyense woganiza kwambiri ali ndi ADHD, ndipo woyenera kupima ndi wachipatala. Madokotala a zamaganizo ndi ochepa m'Mozambique, choncho kuyambira mu 1996 boma lakhala likuphunzitsa ma técnico de psiquiatria, omwe ndi achipatala othandiza pa matenda a maganizo, kuti chithandizo chifike m'zigawo. Munthu angayambire pa chipatala chaching'ono chapafupi n'kupempha kutumizidwa ku Hospital Provincial de Lichinga. Apite ndi mbale wodziwa ubwana wake, chifukwa mbiri imeneyo ndi yofunika popima. Mankhwala monga methylphenidate amathandiza ambiri, koma amamwedwa pokhapokha dokotala atalemba.

Inu amene muli ndi mbale wotere, lekani kumutcha waulesi kapena wolodzedwa. Mufunseni chimene chikumusowetsa tulo, mumuthandize kusankha chinthu chimodzi choti achite mawa. Ndipo akanena kuti watopa ndi moyo, musadikire kuti kuche: mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.