Mzere woyera wa ndege kumwamba kwa Chezi: si mankhwala ayi

Loweruka lapitali ndinali pamsika pa Chezi ndikugula tomato, mnyamata wina n'kuloza kumwamba. Ndege inali itadutsa, yasiya mzere woyera wautali kulowera cha ku mapiri a Ntchisi. Pofika madzulo chithunzi chake chinali chili kale m'magulupu a WhatsApp, ati azungu akutipopera mankhwala kuti mvula isamagwe bwino. Abale anga, tiyeni tikambirane kaye tisanasheye.

Mzere uja ndi madzi oundana basi. Ndege zikuluzikulu zimayenda pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, ndipo kumeneko kumazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa apo. Mafuta a ndege akamapsa mu injini amatulutsa utsi wotentha womwe uli ndi nthunzi yambiri. Kilogalamu imodzi ya mafuta imatulutsa madzi opitirira kilogalamu imodzi. Nthunzi ija ikangokumana ndi chisanu choopsacho imaundana pompo, n'kukhala timadzi touma tating'onoting'ono. Ndiye mtambo wowongoka womwe timauona uja.

Inu a kuno ku Dowa simufunika kuuzidwa zambiri. M'mawa wa mu June mukamapita kudimba, mukapuma pakamwa pamatuluka ngati utsi. Mwasuta fodya? Ayi. Ndi mpweya wofunda wakumana ndi kuzizira. Ndege imachita zomwezo, kungoti pakamwa pake ndi patali.

Ena amafunsa kuti nanga bwanji tsiku lina mzere umatha msanga, tsiku lina umakhala mpaka kufalikira ngati mtambo. Zimatengera chinyezi cha kumwambako. Kukauma, timadzi tija timasungunuka m'masekondi ochepa. Kukakhala chinyezi, mzere umatha kukhalapo maola.

Chinanso, ndege yosiya mzere nthawi zambiri sikuti ikutera pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi. Yotera kapena yongonyamuka kumene imakhala pansi, komwe mpweya ndi wofunda, ndiye sisiya kanthu; mumangomva phokoso lake. Zija za mzere zambiri zimakhala zongodutsa m'mlengalenga mwathu, pakati pa mizinda ngati Johannesburg, Nairobi ndi Addis Ababa. Ngati muli ndi bandulo, tsegulani Flightradar24 nthawi yomwe mwaiona, kawirikawiri ikuonetsani dzina la ndegeyo, komwe yachokera ndi komwe ikupita.

Chomwe chandilembetsa izi si sayansi yokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, mpaka ogwira ntchito za chithandizo ena anachotsedwako. Zinayambanso ndi "ndamva kuti". Mnyamata wa pamsika uja ndinamuonetsa ndegeyo pafoni. Anaseka, koma anati agogo ake sangamve zimenezo, ndiye ndalonjeza kukacheza nawo Lamulungu likudzali.