Batire likasamukira kumbuyo, fyuzi isaiwalike

Ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala limapyola madigiri 40, kutentha kwa injini kumapha batire msanga. N'chifukwa chake eni galimoto ena amalisamutsira kumbuyo.

Ntchitoyi siyothamangira. Waya wa pozitivu akhale wonenepa, wa 35 kapena 50 mm², ndipo fyuzi yaikulu iikidwe pasanakwane masentimita 45 kuchokera pa batire. Kutsogolo wayayo amafikira pa kabokosi kogawa magetsi, kamene kamadyetsa sitata, alitaneta ndi bokosi la mafyuzi. Waya wocheperapo wotuluka pamenepo akhale ndi fyuzi yakeyake.

Negativu amangidwe pa chasisi, pamalo popalidwa penti. Poboola chitsulo paikidwe labala, pakuti waya wopanda fyuzi akakhuzika n'kugunda chitsulo, galimoto yonse imapsa mwini akuona.