Kusunga makanema a maphunziro m'foni dzinja lisanafike

Achinyamata ambiri m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje tsopano akuphunzira kudzera pa foni. Ena akukonzekera mayeso a MSCE, ena akuphunzira kalembedwe ka ndalama za bizinesi, kulumikiza sola kapena ulimi wamthirira. Dandaulo lawo limakhala limodzi: kanema amangoimaima, ndipo bandulo imatha phunziro lisanafike pakati. Mankhwala a vutoli ndi kutsitsa kanemayo, kapena kuti kudawunilodi, n'kumusunga m'foni kuti azioneredwa popanda intaneti.

Munthu akamaonera kanema pa intaneti, foni imakoka zithunzi ndi mawu pang'onopang'ono, ndipo sizisungika. Akafuna kubwereza mawa, amalipiranso. Phunziro la masamu silimveka ulendo umodzi, choncho wobwereza katatu walipira katatu. Kanema wotsitsidwa amadya bandulo kamodzi kokha, ndipo angaoneredwe kudimba, kudoko kapena usiku kunyumba.

Kuchigwa kuno nkhaniyi si ya ndalama yokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adadula misewu ndi milatho, madera a kutsidya kwa Shire monga Makhanga n'kukhala osafikirika. Magetsi akasowa kwa nthawi yaitali, nsanja za netiweki nazo zimavutika. Wophunzira amene walembetsa kosi yokhala ndi tsiku lomalizira akhoza kutaya ndalama zake chifukwa cha masabata awiri a madzi osefukira. Amene adasunga maphunziro ake mu Novembala amangofunika kasola kotchajira foni basi.

Makanema otsitsidwa ali mitundu iwiri, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa. Mtundu woyamba ndi wa amene amasungidwa m'kati mwa apu, monga ya Khan Academy, Coursera kapena YouTube. Pafupi ndi phunziro pamakhala kachizindikiro ka muvi woloza pansi, ndipo munthu akakadina kanemayo amasungika. Koma amakhala wotsekeredwa mu apuyo. Sapezeka pamalo pamene pamakhala zithunzi, satumizika kwa mnzake pa Bluetooth, ndipo apuyo ikafufutidwa nayenso amapita. Pa YouTube si kanema aliyense amene amaloledwa kutsitsidwa, komanso foni imafunika kulumikizidwa pa intaneti nthawi ndi nthawi kuti otsitsidwawo apitirize kuseguka.

Mtundu wachiwiri ndi wa makanema amene eni ake amalola kuti atengedwe ngati fayilo. Chitsanzo chothandiza alimi ndi bungwe la Access Agriculture, lomwe lili ndi makanema a ulimi omasuliridwa m'zinenero zambiri, kuphatikizapo Chichewa. Munthu akalembetsa pa tsamba lawo amatsitsa osalipira, ndipo pali mafayilo ang'onoang'ono oti n'kuonera ngakhale pa foni ya mabatani. Amenewa angaikidwe pa memori khadi n'kuzungulira kalabu yonse ya alimi kapena gulu la banki m'khonde. Membala mmodzi wopita kwa Ngabu kapena ku Bangula tsiku la msika akhoza kutengera anzake onse.

Kukula kwa kanema kumasankhidwa asanatsitsidwe. Manambala monga 240p, 360p ndi 720p amasonyeza kuwala kwa chithunzi. Kanema wa ola limodzi pa 720p akhoza kudya pafupifupi 1GB, pamene pa 360p amadya zosafika theka la zimenezo. Pa galasi laling'ono la foni, 360p imakwanira bwino ngati mphunzitsi akungolankhula kapena kusonyeza ntchito ya manja. Pofunika kukweza ndi pamene pali zolemba zing'onozing'ono pa bolodi. Foni zambiri zotchipa zili ndi malo ochepa, ndiye ndi bwino kusankha mu apu kuti zotsitsidwa zizipita pa memori khadi ngati apuyo ikulola.

Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula masamba a maphunziro. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse, ndipo ndi nzeru kufananitsa mitengo ya Airtel ndi TNM, makamaka mabandulo a usiku. Kutsitsa usiku kapena m'mamawa kuli ndi ubwino wina: netiweki imakhala yopepuka, ndipo kunja kumakhala kutazizirako. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni imene ikutchajidwa uku ikutsitsa masana imatentha mpaka kuononga batire.

Pa malo ochitira malonda pali anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, m'tinyumba totchedwa ma burning centre. Iwowa angathandize kufalitsa makanema aulere a ulimi ndi zaumoyo. Koma kukopera makanema a kosi yolipira n'kumagulitsa n'kuphwanya lamulo la umwini wa luso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. Wogulanso sapindula kwenikweni, chifukwa satifiketi imaperekedwa kwa yekhayo amene adalembetsa m'dzina lake n'kulemba mayeso pa tsambalo, ndipo nthawi zambiri mayesowo amafuna intaneti. Ma apu osadziwika olonjeza kutsitsa kanema aliyense kwaulere ngofunika kuwapewa, pakuti ena amaba manambala achinsinsi, ndipo foni yomweyo ndi imene imasunga ndalama za Airtel Money kapena Mpamba.

Asanachoke pamalo pamene pali netiweki, wophunzira azimitse deta, atsegule kanema aliyense ndi kumuyendetsa mpaka chakumapeto. Kanema woduka pakati amaoneka ngati watsitsidwa, ndipo kuzindukira zimenezi atafika kale ku Chapananga kapena kwa Nyachikadza kumatanthauza ulendo wina ndi bandulo ina.